Kodi Nyimbozi Watisankhira Ndani?

Mwa mafunso onse amene achinyamata amafunsana masiku ano, palibe limene limamveka kawirikawiri kuposa lakuti, "Kodi ukumvera iti?" Limamveka m'minibasi, pa chigayo, pa malo otchajitsa mafoni, ngakhalenso panja pa tchalitchi mapemphero akangotha. Funsoli lilibe mlandu, pakuti munthu amene wamva nyimbo yomugwira mtima sangathe kukhala nayo chete. Chimene ine ndikulimbana nacho ndi yankho lake. Mukamufunsa mnyamata chifukwa chimene akuuzira mnzake kuti amvere nyimbo yakutiyakuti, angoti, "Ndi imene yatchuka." Mukamufunsanso kuti yatchuka chifukwa chiyani, akuyang'anani ngati mwafunsa zamisala.

Kuno ku Phwezi nyimbo zimatipeza tili khale. Msewu waukulu wa M1 udadutsa pakati pathu, ndipo malole ochokera ku Dar es Salaam, akakwera zitunda za Chiweta, amafika kuno akuliza nyimbo za ku Tanzania. Mabasi ochokera ku Mzuzu ndi ku Lilongwe nawo amatitulira amapiano a ku South Africa ndi nyimbo za ku Nigeria. Amene alibe bandulo ya intaneti amapita kwa mnyamata wa kompyuta ndi memole khadi yake n'kunena kuti, "Mundiikire zatsopano." Taonani bwino mawu amenewa. Sadatchule woyimba, sadatchule nyimbo. Wapereka khutu lake kwa wina kuti amudzazire, monga momwe munthu amaperekera chigubu kwa wogulitsa parafini.

Nanga mnyamata wa kompyutayo wazitenga kuti? Wazitenga pa mndandanda wa nyimbo zimene anthu ambiri atsegula pa YouTube kapena pa TikTok. Makina amene amakonza mndandandawo alibe khutu. Ntchito yawo ndi kuwerenga kuti nyimbo iyi yatsegulidwa kangati, ndipo imene yatsegulidwa kwambiri amaikankhira kwa anthu enanso, amenenso amaitsegula chifukwa chakuti yawabwerera yokha. Potero dziko la anthu ambiri okhala ndi mafoni, monga Nigeria, limakhala ndi liwu lalikulu kuposa chigwa chonse cha Henga. Choncho mwana wathu akamauza mnzake kuti, "Tamvera iyi," iye amayesa kuti akupereka maganizo ake, chonsecho wangokhala mtengatenga wa katundu wa eni ake.

Ndikudziwa chimene ena a inu mukunong'ona. Mukuti tsabola wakale sawawa, ndipo kuti ameneyu ndi mphunzitsi wopuma ntchito amene akulira gumbagumba. Ai ndithu. Sindikunena kuti nyimbo zakunja ndi zoipa, ndipo amene anganene zimenezo sadziwa mbiri ya nyimbo zathu. Malipenga amene timanyadira kuno kumpoto adayamba potengera perete wa asilikali. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka adaphunzira kwela, mayimbidwe a ku South Africa, banja lawo likukhala ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Ife tidakula tikuvina rumba ya Franco ndi simanjemanje. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo palibe mudzi wanzeru umene umatsekera mlendo khomo. Koma a Kachamba adalandira kalumoko n'kumetera mitu yawo. Kwela itadutsa m'manja mwawo idatuluka ikulankhula Chichewa ndi kulira ngati ya ku Chileka. Umo ndi mosiyana ndi munthu amene wasiya nyumba yake yonse m'manja mwa mlendo, iye n'kukagona m'khola.

Kuti muone kuti sindikulota, tiyeni titsike ndi mtsinje wathu wa South Rukuru. Madzi amene amadutsa pano amakathira m'nyanja cha ku Mlowe, kwawo kwa malemu Wambali Mkandawire. Mkuluyu adabadwa mu 1952 ku Congo, adakulira ku Mlowe, ndipo adamwalira mu Januwale 2021. Adatenga kalizidwe ka ng'oma zakuno n'kukaphatikiza ndi jazi mwaluso loti ngakhale akatswiri a ku Johannesburg adamuvulira chipewa. Chimbale chake cha Zani Muwone, chimene chidatuluka mu 2002, chidamufikitsa pa mpikisano wa mphotho za Kora, ndipo pambuyo pake adatulutsa Moto mu 2007. Nyimbo zake zambiri adaziyimba m'Chitumbuka, chilankhulo cha pamsika wa pa Phwezi pompano. Tsono yesani kupempha achinyamata angapo amene mungakumane nawo pamsewu kuti akuonetseni nyimbo ya Wambali m'mafoni mwawo. Ine ndimayesa kawirikawiri, ndipo chimene ndimapeza chimandichititsa manyazi. Ambiri dzina amalidziwa, ena amadziwanso kuti adali wakwathu, koma palibe amene adawakhazika pansi n'kuwauza kuti, "Tamvera umu, tamva mmene mawu akutsatira ng'oma." Ena amati nyimbo zake n'zovuta. Inde, sizilowa tsiku limodzi. Nanga masamu amalowa tsiku limodzi?

Nthendayi si ya lero, ndipo si ya achinyamata okha. Ife Amalaŵi tili ndi chizolowezi chodikira kuti wakunja ayambe watiuza kuti chathu n'chabwino. Amene adazungulira dziko lino ndi makina ojambulira mawu mu 1950, kujambula nyimbo za Atumbuka, Atonga ndi Achewa, adali Hugh Tracey, ndipo mawu a agogo athuwo akusungidwa ku Makhanda, m'dziko la South Africa. Amene adazindikira luso la a Kachamba mu 1967 n'kulilemba m'mabuku adali Gerhard Kubik wa ku Vienna. Vimbuza, gule wochiza amene Rumphi ndiye kwawo, ambiri ophunzira ankamuyesa chinthu chochititsa manyazi kufikira pamene bungwe la UNESCO lidamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Akaidi a ku Zomba adayimba zaka ndi zaka popanda wowamvera, kufikira Ian Brennan wa ku America atawajambula mu 2013, chimbale chawo n'kukapikisana nawo pa mphotho za Grammy za 2016. Anyamata awiri a Madalitso Band ankaliza babatoni m'misewu ya Lilongwe anthu akungowalambalala, koma atakayimba ku Zanzibar mu 2017 n'kuyamba kuitanidwa ku Ulaya, ndi pamene tidayamba kuti, "Amenewa ndi athu." Alendowa sindikuwadzudzula, adagwira ntchito yabwino. Funso langa ndi lakuti, ife makutu athu adali kuti?

Koma pali nkhani ina imene iyenera kutitsegula maso. Agogo a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, amene adabadwa mu 1930, adali atayamba kuiwalika pakati pa achinyamata. Mu 2020 woyimba wachinyamata Patience Namadingo adakhala nawo pansi n'kuyimba nawo limodzi nyimbo zawo zakale. Chakumapeto kwa 2021 nyimbo ya Linny Hoo idafalikira pa TikTok, ndipo nyuzipepala zidalemba kuti idaonedwa koposa ka 80 miliyoni. Ena amatenga nkhaniyi ngati umboni wakuti makina aja ndi abwino. Ine ndikuti aiwerengenso. Makina sadapite ku Chiradzulu. Adapita ndi munthu, Mmalaŵi, amene adamva ndi khutu lake, n'kusankha, n'kuuza anzake kuti, "Tamverani agogo awa." Makina adangobwera pambuyo kudzawerenga. Chimene adachita Namadingo ndicho chimene funso lija la "ukumvera iti" liyenera kuchita tsiku lililonse, ngakhale pakati pa anthu awiri okha.

Inu amene mudabadwa dziko litasintha kale simudziwa kuti kusankha nyimbo ndi ufulu umene ena sadali nawo. M'nthawi ya chipani chimodzi wailesi idali imodzi, ya MBC, ndipo bungwe la boma lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo linkatha kuletsa chilichonse. Ngakhale nyimbo ya Cecilia ya Simon ndi Garfunkel idaletsedwa chifukwa cha dzina lokhalo. Mapologalamu a m'Chitumbuka adachotsedwa pa wailesi mu 1968, ndipo chilankhulochi chidabwereranso mu 1994. Nthawi imeneyo munthu akadatha kunena kuti, "Sindidamve nyimbo yakutiyakuti chifukwa adandibisira." Lero wakubisirani ndani? Kale adatilanda ufulu wosankha mokakamiza, lero tikuupereka tokha ndi manja awiri, tikulipiranso bandulo.

Kuipa kwake sikuthera pa omvera pokha. Woyimba naye ali ndi mimba, ndipo amayang'ana kumene kuli makutu. Akaona kuti chimene chikuyenda ndi kachidutswa ka masekondi ochepa kovinika, adzaleka kupeka nyimbo yokhala ndi chiyambi, pakati ndi mathero. Akaona kuti anzake a msinkhu wake amaseka nyimbo ya m'Chitumbuka, m'Chilomwe kapena m'Chisena, adzayamba kupotoza lilime kuti amveke ngati wa ku Lagos. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika: nyimbo zambiri zimene zidagwedeza misika chaka chatha lero palibe angakuimbireni ndime yake yachiwiri. Pomwe nyimbo za Allan Namoko, woyimba wosaona wa ku Thyolo amene adamwalira mu 1995, kapena za Evison Matafale amene adatisiya mu 2001, anthu akuziyimbabe pamtima. Sindikuti oyimba a lero alibe luso. Alipo ambiri, ndipo ena a iwo ali m'makwaya a m'midzi yathu momwemu, koma luso limene palibe wolitchula limafota ngati fodya wosowa mvula.

Tili ku koleji ya uphunzitsi adatiphunzitsa kuti mwana akayankha funso uzimufunsa kuti, "Chifukwa chiyani?" Lamulo lomweli ndi limene ndikupempha kuti tilibweretse pa nyimbo. Wouza mnzake nyimbo atchule woyimba, atchule kwawo, ndipo anene chimene chamugwira: kaya ndi mawu, kaya ndi kalizidwe ka gitala, kaya ndi mmene liwu likukwerera. Ngati chifukwa chake n'chakuti imavinika bwino, anene choncho, pakuti chimenechonso ndi chifukwa cha munthu amene wamva ndi thupi lake. Ngati nyimboyo ndi ya Burna Boy kapena Diamond Platnumz, palibe vuto, bola chifukwacho chikhale chake. Chokhacho chimene sindingalandire ndi chakuti "yatchuka", pakuti chimenecho ndi chiwerengero chabe. Ndipo amene wakondadi nyimbo ya Mmalaŵi mnzake akumbukire kuti kuitumiza mwaulere pa WhatsApp sikugula ufa kunyumba kwa woyimbayo. Bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze aluso, koma silingalowe m'thumba la aliyense.

Phwezi ndi malo a sukulu, ndipo chaka chilichonse kumabwera ana ochokera m'maboma osiyanasiyana, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Kulibe msika wa nyimbo woposa umenewu. Wa ku Mangochi akudziwa manganje, wa ku Thyolo tchopa, wa ku Mzimba ingoma, wa ku Balaka adakula akumva Alleluya Band ndi malemu Lucius Banda. Aphunzitsi a Chichewa, kuno ndi kwina konse, angathe kupatula mphindi khumi pa sabata kuti wophunzira mmodzi abweretse nyimbo imodzi, aitchule mwini wake, n'kuiteteza pamaso pa anzake monga momwe amatetezera mfundo pa mtsutso. Anzakewo ali ndi ufulu woikana, koma nawonso apereke zifukwa. Ntchito imeneyi sifuna buku latsopano kapena ndalama za boma, koma kawailesi kamodzi ndi mabatire. Ndipo mwana wa ku Nsanje amene wakhala zaka zinayi m'mbali mwa South Rukuru asamabwerere kwawo asadamveko Zani Muwone kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza.