Wonamiza Anthu Moona Mtima: Kodi Matsenga a Pasiteji Angadyetse Munthu?

Harry Houdini asanatchuke anali mnyamata wa njala. Anabadwira ku Budapest mu 1874, dzina lake lenileni ndi Erik Weisz, ndipo anakulira ku America m'banja losowa. Zaka zambiri za m'ma 1890 iye ndi mkazi wake Bess anazithera m'timaholo totchipa ndi m'magulu a zisudzo oyendayenda, kusewera kangapo pa tsiku koma ndalama osaoneka. Zinthu zitathina, awiriwa anayamba kudzionetsa m'matauni ang'onoang'ono ngati anthu olankhula ndi mizimu ya akufa. Masana ankawerenga mayina pa ziliza kumanda ndi kutola mphekesera za m'tauniyo, usiku n'kumauza anthu zinsinsi za mabanja awo. Anthu ankabwera, ndalama n'kumalowa. Houdini anazisiya zimenezo nabwerera ku umphawi wake, mpaka mu 1899 pamene Martin Beck, mkulu wolemba anthu a zisudzo m'maholo akuluakulu, anamuona namulangiza kuti asiye zamakhadi, alimbikire zodzimasula mu unyolo. Patapita zaka 25 anatulutsa buku lotchedwa A Magician Among the Spirits, lovumbula chinyengo cha olankhula ndi mizimu omwewo.

Aliyense wofuna kudya za luso limeneli adzafika pamphambano yomweyi. Funso lakuti ntchitoyi ingadyetse munthu silisiyana ndi funso lakuti munthuyo akulolera kunama mpaka pati.

Lusoli lili ndi nthambi ziwiri. Ina ndi ija ya makhadi, makobidi, zingwe ndi mabokosi odulira munthu pakati, pomwe woonerera amadziwa kuti manja a katswiri amuthamangira maso. Ina ndi yotchedwa mentalism, pomwe katswiri amaoneka ngati akuwerenga maganizo a munthu, kulosera nambala yomwe asankhe, kapena kupinda supuni osaikakamiza. Yachiwiriyi ndi yotchipa kuyamba, chifukwa zida zake ndi timapepala, maenvulopu ndi cholembera. Ndi yomwenso ili ndi msampha wozama.

Amene amalimbikitsa achinyamata kuti alowe ntchitoyi ali ndi mfundo zomveka. Khomo lomwe kale linali lotseka tsopano lili pululu. Bungwe la The Magic Circle la ku London, lomwe linayamba mu 1905, linadzalola amayi kukhala mamembala mu 1991, ndipo kwa nthawi yaitali munthu ankaphunzira pokhapokha katswiri wina atamukonda n'kumuika pambali pake. Lero mabuku akale monga 13 Steps to Mentalism la Tony Corinda amapezeka, ndipo intaneti yadzaza ndi aphunzitsi. Shin Lim ankaphunzira piyano mpaka manja atayamba kumuvuta, zamakhadi zambiri anaziphunzira yekha pa YouTube, koma mu 2015 anapambana pa mpikisano wa dziko lonse wa FISM, mu 2018 n'kudzatenganso America's Got Talent. Richard Jones, yemwe anapambana Britain's Got Talent mu 2016, anali msilikali. Palibe anawafunsa satifiketi.

Koma tikamatchula mayina amenewa tisaiwale kuti tikuwerenga okhawo amene anawoloka mtsinje. David Copperfield, yemwe anasowetsa chipilala cha Statue of Liberty pa wailesi yakanema mu 1983, ndi mmodzi, ndipo Penn ndi Teller akhala akusewera mu hotela ya Rio ku Las Vegas kuyambira 2001 chifukwa malo otere ndi owerengeka. Ochuluka amadyera pa maphwando a ana, maukwati, malesitilanti momwe amayenda tebulo ndi tebulo, sitima zapamadzi za alendo, ndi madyerero a makampani. Derren Brown, amene anaphunzira zamalamulo ndi Chijeremani pa yunivesite ya Bristol, anatha zaka akusewera m'malesitilanti ndi m'mabala a mumzindawo wailesi yakanema ya Channel 4 isanamupatse pulogalamu ya Mind Control mu 2000. Oz Pearlman ankagwira ntchito ku kampani ya Merrill Lynch masana, zamatsenga n'kumachita madzulo. Theka la ntchito ya anthu oterewa si kuyeserera pagalasi ayi, koma kuimba mafoni, kukambirana mitengo ndi kulonjerera ngongole kwa omwe anawaitana. Mliri wa Covid-19 utatseka maholo mu 2020, ndalama zinauma tsiku limodzi, ena n'kupulumukira pa Zoom. Ngozi nazo zilipo: William Robinson, wodziwika kuti Chung Ling Soo, anafa mu 1918 ku London sewero lowakha chipolopolo litalakwika, ndipo Roy Horn anavulazidwa koopsa ndi nyalugwe wake pasiteji mu 2003.

Pali dandaulo lina lomwe ine sindiliona kulemera kwenikweni, lakuti intaneti yapha lusoli poulula zinsinsi. Kulira kumeneku kunamveka kale mu 1997 pamene wailesi yakanema ya Fox inayamba kuonetsa munthu wovala chigoba, Val Valentino, akufotokoza momwe masewero akuluakulu amachitikira. Chaka chomwecho David Blaine anatulutsa Street Magic, momwe ankachita timasewero takale ta makhadi mumsewu, koma kamera n'kuiloza pankhope za oonerera m'malo mwa manja ake. Anthu anatengeka ngati sanaonepo. Chinsinsi ndi gawo lotchipa kwambiri la malondawa. Chomwe anthu amalipira ndi munthuyo, kalankhulidwe kake, kudziwa nthawi yokhala chete, ndi kuthekera kogwira holo yonse kuti iyang'ane komwe iye akufuna.

Komwe dandauloli lili ndi mano ndi pa kuberana. Lamulo siliteteza bwino njira yochitira sewero. P. T. Selbit atayamba kudula munthu pakati ku London mu January 1921, chaka chisanathe ena anali akuchita zofanana ku America. Horace Goldin anakalembetsa njira yake ku boma mu 1923, koma kulembetsa kotero kumafuna kuti ufotokoze zonse papepala lomwe aliyense angathe kuwerenga. Teller anapambana mlandu mu 2014 pa munthu wa ku Belgium yemwe anakopera sewero lake la Shadows, koma anapambana chifukwa analilembetsa ngati chisudzo chopanda mawu, osati ngati chinsinsi. Wongoyamba kumene alibe maloya otero.

Nkhani yaikulu ili pa owerenga maganizo. Njira zawo zambiri n'zakale ndipo si zozizwitsa. Imodzi ndi iyi: anthu amalemba mafunso pa timapepala, n'kutipinda, n'kutiponya m'mbale. Katswiri amakhala akudziwa kale funso limodzi. Amatola kapepala kena, kukaika pamphumi, n'kuyankha funso lomwe akulidziwa lija. Mwini wake akavomera, iye amatsegula kapepalako ngati akutsimikiza, pomwe akuwerenga funso lotsatira. Amapitiriza choncho, nthawi zonse ali patsogolo ndi kapepala kamodzi. Njira ina ndi yolankhula mawu okwanira aliyense. Mu 1948 mphunzitsi wa zamaganizo Bertram Forer anapatsa ophunzira ake mayeso, kenaka aliyense anamupatsa pepala lofotokoza khalidwe lake. Atawafunsa kuti lalondola bwanji pa mulingo wofika 5, mayankho awo anafika pafupifupi 4.3. Onse anali atalandira mawu amodzimodzi, ena otengedwa m'kabuku ka openda nyenyezi.

Luso lomweli, lopanda kusintha kalikonse, likhoza kugulitsidwa pawiri. Ukanena kuti ndi sewero, ulandira ndalama ya tikiti. Ukanena kuti ndi mphamvu, ulandira chilichonse chomwe munthu wosweka mtima ali nacho. Mu 1986 James Randi, yemwe naye anali wamatsenga a pasiteji, anapita ndi makina otchera mawailesi ku misonkhano ya mlaliki Peter Popoff ku America. Popoff ankaitana odwala ndi mayina, kutchula matenda awo ndi komwe amakhala. Makinawo anagwira mawu a mkazi wake Elizabeth akumuwerengera zonsezo kudzera m'kachipangizo ka m'khutu, kuchokera pa makhadi omwe anthu analemba polowa. Randi anaziulutsa pa pulogalamu ya Johnny Carson, ndipo chaka chotsatira Popoff analengeza kuti chuma chamuthera. Zomvetsa chisoni n'zakuti anadzabweranso pa wailesi yakanema ndi madzi ake a zozizwitsa, anthu n'kumatumizabe ndalama. Uri Geller naye, amene ankati ali ndi mphamvu zenizeni, atalephera kuchita kalikonse pa pulogalamu ya Carson yomweyo mu 1973 chifukwa anthu ake sanaloledwe kukhudza zida, kutchuka kwake sikunathe. Amene akuti chinyengo sichipindulitsa sanawerenge mbiri ya ntchitoyi.

Pakati pa akatswiri oona mtima palinso kusamvana. Ena amati kuuza anthu kuti zonse ndi luso lophunzira kumapha chidwi. Wazisudzo wosewera ngati mfumu, iwo amati, saima pakati pa sewero n'kulengeza kuti si mfumu, nanga ife tiimirenji? Mfundoyi ndi yokoma kumva, ndipo pali choona chake: sewero lowerenga maganizo limakoma pamene woonerera watsala ndi kachikayiko. Koma palibe amatsatira wazisudzo kuseri kwa siteji kuti akamuweruzire mlandu wa malire a munda. Wowerenga maganizo amatsatidwa, ndipo omutsatira amakhala ndi mwana wosowa, ukwati wogwedezeka kapena matenda okanika. Apa mpomwe kufanana kwa awiriwa kumathera.

Derren Brown anasankha njira yapakati. Amanena poyera kuti alibe mphamvu zachilendo, n'kumati zomwe amachita ndi kusakaniza matsenga a pasiteji, kudziwa maganizo a anthu, kusocheretsa maso ndi luso la zisudzo. Ambiri amutsanzira, ena moipitsa, kumauza anthu kuti akuwerenga kagwedezeke ka maso ndi milomo pomwe angosuzumira kapepala. Wolemba za sayansi Simon Singh anadzudzula Brown pa zimenezi mu 2003, ndipo ndikuona kuti sanalakwe kwenikweni. Kuchotsa mizimu n'kuikapo sayansi yabodza ndi bodza laling'ono, komabe ndi bodza lomwe munthu amapita nalo kunyumba n'kumalikhulupirira.

Kwathu kuno nkhaniyi imalemera kuposa ku London. Lamulo la Witchcraft Act la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, limaletsanso munthu kudzionetsa kuti ali ndi mphamvu za ufiti. Ngakhale zili choncho, agogo athu akupitirira kuphedwa powaganizira, ndipo mphekesera za anamapopa mu 2017 zinaphetsa anthu m'maboma a kumwera monga Mulanje ndi Phalombe. Mnyamata amene angasowetse ndalama ya munthu m'manja pamsika, n'kulola anthu kuganiza kuti anakhwima, akusewera ndi moyo wake ndi wa amayi ake omwe. Mbiri ya lusoli mu Africa nayo si yoyera: mu 1856 boma la France linatumiza Jean-Eugène Robert-Houdin, yemwe Houdini anatengerako dzina, ku Algeria kukaopseza atsogoleri a kumeneko ndi bokosi lomwe mwamuna wamphamvu ankalephera kulinyamula, pomwe linali kugwidwa ndi maginito a magetsi pansi pa siteji.

Komabe m'chiopsezo chomwecho ndi momwe ndikuona phindu la ntchitoyi. Limodzi mwa mabuku oyamba a Chingerezi ofotokoza masewero amenewa, The Discoverie of Witchcraft la Reginald Scot la mu 1584, linalembedwa pofuna kuonetsa kuti zomwe anthu ankaphera nkhalamba zinali mantha ndi luso la manja. Katswiri woimirira pamaso pa ana asukulu, kuwadabwitsa, kenaka n'kuwauza kuti zonsezi anaziphunzira ndipo iwonso angathe, wachita ntchito yomwe maphunziro ambiri a m'kalasi amalephera. Ku Claremont mumzinda wa Cape Town kuli College of Magic, sukulu yomwe David Gore anayambitsa mu 1980, ndipo imaphunzitsanso ana ochokera m'madera osauka monga Khayelitsha. Si onse amadzakhala akatswiri a pasiteji, koma amatulukamo odziwa kuima pagulu n'kulankhula.

Msika wathu ndi wochepa, tisanamizane. Amene angalipire bwino ndi makampani, mahotela, sukulu zolipira ndi maukwati a anthu opeza, ndipo ambiri mwa iwowa akafuna chisangalalo amaganiza za woimba kapena wanthabwala. Ena akangomva kuti matsenga amayamba aganiza zomwe abusa awo adzanene. Walira mvula walira matope: wofuna ntchitoyi avomere kuti zaka zoyamba adzazithera kufotokozera anthu kuti iye si sing'anga. Ndikanamulangiza kuti asasiye ntchito kapena sukulu yomwe ali nayo, akonze masewero ochepa a mphindi 20 mpaka awadziwe ngati dzina lake, aphunzire kuseketsa anthu m'Chichewa chomveka, ndipo ngati n'kotheka akhalenso woyendetsa mwambo, chifukwa ameneyo ndiye amaitanidwa Loweruka lililonse. Anene poyamba ndi pomaliza pa sewero lililonse kuti zonse ndi luso lophunzira.

Ngakhale atanena choncho kawiri, sewero likatha padzabwerabe munthu womukokera pambali n'kunong'ona kuti, "Achimwene, tandiuzeniko amene anaba katundu kunyumba kwanga, ndikupatsani kangachepe." Ndalama imeneyo nthawi zina idzaposa yomwe walandira pasiteji usiku umenewo, ndipo dzina lililonse lomwe angatchule ndi la munthu amene mawa lake akhoza kugwetseredwa nyumba. Ayenera kuikana, n'kumuuza munthuyo kuti akanene kupolisi.