NGODYA YA AMISIRI: KIYI YA SAKISOFONI IKATHYOKA

Awerengi, sabata ino tikambe za lipenga lochedwa sakisofoni, limene Adolphe Sax wa ku Belgium analembetsa ku Paris mu 1846. Thupi lake ndi la mkuwa wosanganiza ndi zinki, ndipo liri ndi ziboo zopitirira 20, ciri conse ndi cotsekera cake, cimene oliza amati kiyi. Ciboo cimodzi ca kumtunda cikamapulumutsa mpweya, mau onse a m'munsi amasasa kapena kukana kutuluka.

Mnyamata wa bandi ya kusukulu kapena kuchalichi akanena kuti kiyi yathyoka, yambani mwayang'anitsitsa. Kiyi ikangolendewera osabwerera, kathyoka ndi kasipuling'i konga singano. Mangani kamphira kuti ukwati utsirizike, koma mukacotse tsiku lomwelo, pakuti mphira idetsa citsulo. Ngati kacikopa ka pansi pa kiyi kamatuka, funditsani msana wa kiyi pang'ono pokha kufikira ulimbo wake utafewa, ndipo mukakhazikenso. Pofuna kuyesa, lowetsani katoci m'lipengamo muli m'cipinda ca mdima ndi kutseka kiyi mopepuka. Kuwala kukaoneka m'mbali, ndiye kuti sinatseke.

Koma mkono weni-weni wa kiyi ukaduka, apo ndipo malipenga aonongekera. Conde musalitengere kwa mmisiri woocerera mapulao ndi ngolo, ngakhale nchito yake tiilemekeza. Timizati togwira makiyi tinamatidwa pa thupi ndi mtovu wofewa, wonga uja wokonzera mawailesi, ndipo moto waukulu ukayandikira timangogwa. Mwapita ndi kiyi imodzi yothyoka, mubwerako ndi zisanu! Mtovu wofewawo, ngakhale guluu wa m'sitolo, sungagwire mkono umene cala cikanikiza kosaleka. Kiyi iyenera kumasulidwa, kucotsedwa kacikopa ndi zonse zimene zingapse, ndi kulumikizidwa payokha ndi siliva woocerera, kutali ndi thupi la lipenga. Wosula mphete ndi ndolo aidziwa bwino nchito yotere.

Pomasula, bayani timasikuluu pa katoni motsata malo ake, cifukwa tifanana m'maso koma sitilowana. Ngati mmisiri ali kutali, ndipo kiyi yodukayo ndi ya m'mbali imene ikhala yotseka masiku onse, imangeni zolimba pa ciboo cake. Lipenga lidzaliza nyimbo zambiri kufikira mutapeza ulendo wa ku tauni.