Sitima ya Rimoti Ifunika Maso Kutsogolo

M'mabwalo akuluakulu a njanji ku United States ndi ku Canada, momwe mabogi amalumikizidwa ndi kulekanitsidwa usana ndi usiku, mitu yambiri ya sitima imayenda popanda munthu m'chipinda cha dalaivala. Woiyendetsa amakhala pansi kapena pamakwerero a bogi, atavala kabokosi ka rimoti pamimba. Luso limeneli linayamba kukhazikika ku Canada, ndipo makampani akuluakulu a ku United States anayamba kuligwiritsa ntchito kwambiri cha m'ma 2002, bungwe la boma loyang'anira njanji la FRA litapereka malangizo ake mu 2001.

Makampani amati rimoti imachepetsa ngozi zobwera chifukwa cha kusamvana pakati pa dalaivala ndi wolumikiza mabogi, popeza woona ndi woyendetsa amakhala munthu mmodzi. Mfundoyi ili ndi maziko. Kabokosiko kalinso ndi chitetezo chake: wokavala akagwa n'kupendekeka kwa kanthawi, sitima imamanga mabuleki yokha.

Komabe chitetezo chimenechi chimasamala wovala kabokosi. Munthu amene akudutsa njanji kutsogolo kwa sitima sichimuona. Malamulo amafuna kuti pokankha mabogi pakhale woyang'ana kumene akulowera, koma amalola kuti zimenezi zilekedwe m'chigawo chopatulidwira sitima za rimoti, chikatsimikizidwa kuti mulibe chotchinga. Vuto lagona pamenepo, pakuti njanji imene inali yopanda munthu mphindi khumi zapitazo ikhoza kukhala ndi munthu tsopano. Mu September 2023, wantchito wokonza mabogi anafa atagundidwa ndi sitima ya rimoti m'bwalo la kampani ya CSX ku Walbridge, m'chigawo cha Ohio.

Mu April 2024, FRA inakhazikitsa lamulo lakuti sitima zambiri ziziyenda ndi antchito osachepera awiri. Chodabwitsa n'chakuti sitima zoyendetsedwa ndi rimoti sizinaphatikizidwemo. Choncho m'bwalo, momwe anthu oyenda pansi ndi ochuluka kuposa pa njanji ya kuthengo, munthu mmodzi akhoza kusiyidwa kuti ayendetse sitima, atembenuze njanji, alumikize mabogi, ayankhe wailesi, ndiponso ayang'anire kutsogolo. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili n'lachitsulo cholemera matani mazanamazana, chimene sichiima msanga ngakhale chikuyenda pang'onopang'ono.

Sipafunika kutaya rimoti. Pafunika lamulo lomveka lakuti sitima isasunthe ngati palibe munthu amene akuona ndi maso ake kumene ikulowera, m'chigawo chopatulidwa kapena kunja kwake. Ngati woyendetsa sangathe kukhala kutsogolo, pakhale wachiwiri. Malipiro a wachiwiriyo kampani ikhoza kuwawerengera pa chaka n'kuwakwanitsa, pamene banja la wokonza mabogi wa ku Walbridge silingabwezeredwe munthu wawo.