Mufunseni Ngati Akugona

Mwana wa ku Khuyu akakwera Ilala kukachita digiri yachiwiri ku Mzuzu University, pa foni timangomufunsa kuti, "Umaliza liti?" Timaiwala kuti kafukufuku amasungulumwitsa. Mphunzitsi womuyang'anira amachedwa kubweza zolemba, fizi ikudikira, ndipo ife kumudzi tayamba kale kuwerengera malipiro ake.

Makolo, sinthani funsolo. Mufunseni ngati akugona, ngati akudya, ngati pa Sabata akupumuladi. Akatha milungu iwiri osasangalala ndi chilichonse, musangoti alimbe mtima. Pempherani naye, kenako mulimbikitseni akaonane ndi alangizi a ku St John of God, ku Mzuzu komweko, omwe amathandiza ovutika maganizo. Akatchula zodzipha, musadikire Ilala. Imbirani wachibale kapena abusa a ku Mzuzu akamuone tsiku lomwelo.