Siyani legeni, tengani kope

Novembala akafika, anthu a ndalama zawo amakwera ku Nyika, kumpoto kwa dziko lino, kukaona mbalame. Zoonadi, kumeneko kuli mitundu yoposa 400. Koma ine ndikuti nafenso kuno ku Lirangwe tili nazo zoti tione, mwaulere.

Mvula yoyamba ikagwa, tayang'anani madzulo pa mawaya a magetsi m'mbali mwa msewu wa M1. Ena mwa anamzeze amene amandanda pamenepo ndi alendo ochokera ku Ulaya. Kwawoko nthawi ino kwayamba kuzizira ndipo tizilombo touluka tasowa, ndiye kwenikweni amathawa njala. Kuno amapeza ngumbi zikutuluka. Kambalameka kamalemera magalamu pafupifupi 20 okha, koma kamauluka makilomita zikwizikwi, kudutsa chipululu cha Sahara. Tikudziwa bwanji? Mu 1911 namzeze wina anavekedwa kamphete kumwendo ku England, ndipo mu Disembala 1912 anakapezeka ku Natal, m'dziko la South Africa.

Ndili mwana ndinkawalasa ndi legeni, kanyama kake kosatha n'komwe mtanda umodzi wa nsima. Pano ndikakumbukira ndimachita manyazi: ulendo wonsewo kudzathera pa mwala wanga!

Anzanga, sayansi simayambira mu labotale mokha ayi. Tengani kope, lembani tsiku, malo, nyengo ndi chiwerengero cha anamzeze amene mwaona. Chaka chamawa mudzachitenso chimodzimodzi. Akadzachedwa kufika kapena kuchepa, mudzakhala oyamba kudziwa, umboni uli m'manja.