Kamera igulidwe, koma mlonda asachoke pakhola

Pali mawu amene akuyenda m'magulu a WhatsApp a alimi komanso a abale athu okhala ku Joni. Akuti mlimi akangomangirira kamera ya sola pafupi ndi khola, angathe kuuza mlonda kuti ntchito yatha, poti kamera sigona, siledzera, sipempha malipiro ndipo singapangane ndi mbava. Ife tikukana. Kamera ndi yothandiza, koma amene akuti ilowe m'malo mwa munthu akusocheretsa alimi, ndipo odzalira ndi eni ng'ombe.

N'zomveka kuti mawuwa akomera anthu. Kum'mwera kwa Mzimba ng'ombe ndiyo imakoka ngolo ndi pulawo, ndiyo lobola, ndiyonso pothawira fizi ya mwana ikavuta. Abambo ambiri a ku Embangweni, Edingeni, Champhira ndi Luwerezi ali ku South Africa, akutumiza ndalama zogulira ziweto zimene sanazionepo ndi maso. Munthu wotere ukamuuza kuti aziona khola lake pafoni ali ku Johannesburg, sangakufunse zambiri.

Koma tiyeni tifunse ifeyo. Foni yalira 2 koloko usiku, chithunzi chikuonetsa anthu atatu akuchotsa mipiringidzo. Kenako? Mwini wake ali kutali, mayi ali m'nyumba ndi ana, foni yawo yathima. Apolisi a pa Jenda kapena pa boma, ngakhale atayankha, misewu ya kumidzi m'dzinja siyothamangapo. Malire a Zambia ali pafupi, msewu wa M1 nawo uli pomwepo. Pomacha, ng'ombe yafika patali kapena yasanduka nyama. Chimene mwini watsala nacho ndi kanema woonetsa mmene anamubera. Wokuwa, woimba wenzulo ndi wodzutsa mudzi amakhala munthu amene ali pamalopo.

Nako kunena kuti kamera sigona n'kokokomeza. Makamera ambiri a sola amakhala chigonere kuti asunge batire, ndipo amadzuka pokhapokha kachipangizo kake kakamva chinthu chofunda chikuyenda. M'khola zinthu zofunda zoyenda ndi zambiri. Ng'ombe ikatembenuka, foni ilira. Galu akadutsa, ilira. Pakatha sabata mwini watopa, wazimitsa belulo, ndipo usiku umene mbava zabweradi palibe amene wamva. Mu June ndi July, pamene mitambo ndi nkhungu zimaphimba madera oyandikira mapiri a Viphya, kasola kakang'ono kobwera m'bokosi sikadzaza batire, ndiye kamera imathima m'bandakucha. Imeneyi ndiyo nyengo imene chimanga ndi soya zili m'matumba. Onjezanipo netiweki. Kamera ya simu khadi imadalira Airtel kapena TNM, ndipo m'zigwa zina munthu amachita kukwera pachulu kuti aimbe foni. Bandulo ikatha pakati pa mwezi, kamera imangojambulira mu memori khadi, ndipo wakuba wochenjera amanyamula kamera ndi khadi lomwe.

Nanga chithunzicho? Usiku kamera yotchipa imaona ndi kuwala kwa infrared pamtunda wa mamita 20 kapena 30, ndipo kuona kuti pali munthu n'kosiyana ndi kuzindikira kuti ndi ndani. Nkhope imadziwika munthu akayandikira ndithu. Wovala chipewa ndi chijasi, ataima kumapeto kwa munda, amangooneka ngati mzukwa. Kuwala komweko kumakopa tizilombo touluka, akangaude n'kudzaluka ukonde pagalasi. Fumbi la October limamaliza zotsala. Wopukuta galasilo, woyeretsa sola ndi woona ngati batire lili bwino ndi mlonda yemwe uja akuti achotsedwe.

Wofuna kugula, tsono, ayambe wayenda pamunda pake ndi foni usiku, aone pamene netiweki ikugwira. Asayese kujambula munda wonse. Aloze kamera pamalo amene wakuba sangapewe: pakhomo la khola, pachitseko cha mosungira feteleza ndi mabelo a fodya, papampu ya madzi. Ikhale pamwamba mamita pafupifupi atatu, posafikirika ndi dzanja, koma osati pamwamba kwambiri mpaka kumangojambula zipewa. Makamera awiri oonana amaposa imodzi yodula, chifukwa wothyola iyi amajambulidwa ndi inzake. Pabokosi pakhale palembedwa IP65 kapena IP66, kusonyeza kuti ipirira mvula ndi fumbi. Pasiwedi yobwera nayo isinthidwe tsiku lomwelo, ndipo woiika asachoke nayo yekha. Mwina iye ndiye adzakhale woyamba kudziwa usiku umene pakhomo palibe munthu. Uthenga wochenjeza uzipita ku foni ya amene ali pafupi, mlonda kapena wa chitetezo cha m'mudzi, mwini wa ku Joni akhale wachiwiri.

Pa mfundo yoti mlonda amapangana ndi akuba, tivomereze kuti zimachitika. Apa ndi pamene kamera imathandiza kwambiri: mlonda wosakhulupirika amadziwa kuti akuonedwa, ndipo wokhulupirika amapeza mboni yomuyeretsa mbuzi ikasowa masana m'manja mwa abusa. Koma auzidwe kuti pali kamera. Isalozenso pabwalo la mnansi kapena pamjigo pamene amayi amatunga madzi. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act, ndipo kumwaza nkhope ya munthu pa Facebook n'kumutchula wakuba khoti lisanagamule kungamuphetse m'manja mwa gulu lokwiya, wofalitsayo n'kutsala ndi mlandu. Kanemayo apite kupolisi, ali ndi tsiku ndi nthawi zolondola.

Ndalama zogulira kamera yachitatu, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 n'kukweza mtengo wa chilichonse chochokera kunja, zingagwire ntchito yoposa pogula loko wolimba, tochi ndi foni ya mlonda, ndi poika zizindikiro pa ng'ombe zonse. Ng'ombe ikagwidwa pa rodibuloko ya Jenda ilibe chiphaso cha alangizi a ziweto, apolisi adzafunsa mwini wake chizindikiro chimene ili nacho.