Lekani Kutukwana Ben 10, Funsani Kumene Kalulu Anapita

Pali mlandu umene makolo, aphunzitsi anzanga ndi alaliki ena amakonda kuzenga mwini wake palibe. Akuti makatuni aononga ana. Akuti mwana wa lero sagwada popatsa mkulu madzi cifukwa ca Ben 10, salankhula Cicewa cifukwa ca Gumball, ndipo ena amafika ponena kuti Cartoon Network ndi khomo la Satana. Mau awa mudzawamva pa msonkhano wa makolo kusukulu, mu minibasi ya ku Sinda, ngakhale pamaliro. Ine ndikuti mlanduwu wagwera wosalakwa. Olakwa ndife, ndipo mbiri ya chanelo yomweyo ndiyo mboni yotitsutsa.

Cartoon Network inayamba kuulutsa pa 1 Okutobala 1992 mumzinda wa Atlanta ku America. Mwini wake, Ted Turner, asanalembe nchito wojambula aliyense anayamba wagula nkhokwe. Mu 1986 anagula mafilimu akale a kampani ya MGM, momwe munali Tom and Jerry ndi makatuni akale a Bugs Bunny. Mu 1991 anagulanso kampani ya Hanna-Barbera, eni ake a Scooby-Doo ndi The Flintstones, pa mtengo wa madola 320 miliyoni. Pofika tsiku lotsegula, nkhokweyo inali ndi makatuni okwana maola 8,500, okwanira kuonetsa usana ndi usiku osapuma. Tom ndi Jerry anayamba kuthamangitsana mu 1940, agogo athu ambiri asanabadwe, koma mpaka lero mwana wa pa Katete Stores amafa nao ndi phwete. Zatheka cifukwa wina anasunga.

Ndipo katuni yoyamba kuonetsedwa tsiku lija inali ya ndani? Ya Bugs Bunny, kalulu wocenjera wopusitsa alenje ndi zimphona. Ife a ku Mkaika ndi ku Vubwi kalulu wotere timamdziwa kale. Ndi uja anakana kukumba citsime koma n'kumamwa madzi usiku. Anzathu anatsegula chanelo ndi kalulu, ife wathu tinamsiya pa bwalo pamodzi ndi phulusa la dzulo.

Nkhokwe itayamba kubweretsa ndalama, anacita cinthu caciwiri. Mu 1995 anayambitsa pulogalamu ya What a Cartoon!, momwe ojambula anapatsidwa mwai wopanga makatuni aafupi okwana 48, iliyonse ya mphindi ngati 7. Zimene ana anakonda zinakulitsidwa. M'menemo ndimo munacokera Dexter's Laboratory mu 1996, Johnny Bravo mu 1997 ndi The Powerpuff Girls mu 1998. Genndy Tartakovsky ndi Craig McCracken, amene anapanga Dexter ndi atsikana atatu aja, anali anyamata osakwana zaka 30, misinkhu ya inu amene mukuwerenga pa foni. Njira yake ndi yomweyo basi: sunga zakale, patsa acinyamata kadanga koyesera zatsopano.

Musaganize kuti ndikuikira kumbuyo chaneloyi. Ndi malonda, ndipo malonda alibe cibale. Ben 10 anabwera mu 2005 atanyamula wochi yogulitsa, ndipo lero nkhope yake ili pa zikwama za ana a Giredi 1 ndi pa mabelo a salaula. Masiku ena mukatsegula chanelo 301 pa DStv mumapeza Teen Titans Go! m'mawa, masana ndi madzulo, ngati ndiwo ya kapenta yosasintha. Anatenga ndalama za makolo a mu Africa zaka zambiri asanaonetse Garbage Boy and Trash Can ya Ridwan Moshood wa ku Nigeria mu 2023. Koma mlendo ndi mame. Simungakwiyire mlendo kuti sanakuphikireni nsima m'nyumba mwanu.

Tiyeni tidzifunse ife. Kodi nkhokwe tilibe? M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 Julius Chongo anali kukhazika mabanja pansi ndi Poceza m'Madzulo pa wailesi, munthu mmodzi akusintha mau kukhala nkhalamba, mfumu, mwana ndi nyama. Imeneyo inali katuni yosowa zithunzi cabe. Nanga nthano za Kamba, Fisi ndi Njobvu zimene agogo a ku Kagoro ndi ku Nyanje akali nazo m'mutu? Gogo mmodzi akaikidwa m'manda, maola angati a pulogalamu amapita naye?

Kapena ojambula ndiwo tilibe? Malenga Mulendema wa ku Lusaka anakula akuonera makatuni amene munalibe ngwazi yofanana naye. Analemba nkhani ya atsikana anai opulumutsa mzinda wa Lusaka, ndipo mu Julaye 2023 Supa Team 4 inatuluka pa Netflix. Koma taonani camanyazi. Anaipanga ndi a Triggerfish a ku Cape Town pamodzi ndi a Cake a ku London, ndipo inatuluka m'Cingelezi ndi m'Cizulu. Nkhani ya ku Lusaka inalankhula Cizulu isanalankhule Cinyanja! Mwana wa m'komboni ya ku Katete kuti aione afunika Netflix, mabando ndi malaiti, zitatu zimene sizikumana kawirikawiri m'nyumba imodzi. Pamene ku Tanzania, a Ubongo anayamba mu 2013 ku Dar es Salaam, n'kuyamba kuphunzitsa masamu ndi makatuni a m'Ciswahili pa TV ya dziko lao. Sanadikire America.

Ena adzati makatuni a Cingelezi amathandiza ana pa mayeso. Zoona, ndipo m'kalasi ndimaziona. Mwana woonera makatuni saopa kutsegula pakamwa m'Cingelezi. Koma ndimaonanso mwana yemweyo akulephera kumaliza mwambi umene waung'ono wa kumudzi amaumaliza ali m'tulo, ndipo makolo ake amaseka monyadira kuti "uyu Cinyanja cimamuvuta". Kunyadira cilema ca mwana wako n'kotani? Mutu wa mwana si kabotolo koti cinenero cimodzi cikalowa cina cituluke. Amatha kunyamula ziwiri, zitatu, ngati zonse azimva zikuseketsa ndi kuliritsa. Cinyanja cikangokhala ca pomukalipira ndi pomutuma ku cigayo, Cingelezi n'kukhala ca nthabwala ndi ngwazi, mwanayo wasankha kale.

Conco pempho langa lipite kwa oyenera. A ZNBC amalandira TV levy kwa ife, ndipo amaulutsa nkhani m'zinenero zisanu ndi ziwiri za m'dziko muno. Mu 2020 masukulu atatsekedwa cifukwa ca Covid-19, chanelo ya maphunziro inapezeka mosacedwa. Ndiye kuti akafuna amatha. Atipatse mphindi 30 zokha Loweruka m'mawa. Aitanitse makatuni aafupi kwa acinyamata a m'zigawo zonse, awalipire, ana asankhe okha yowakomera, monga anacitira a ku Atlanta mu 1995. Ngakhale kumasulira Supa Team 4 m'Cinyanja kungakhale poyambira.

Inunso acinyamata musakhale manja lende. Foni imene mumajambulira magule a pa TikTok ingajambulenso mau a agogo. Pulogalamu ya Blender ndi yaulere pa intaneti. Amene amaseketsa anthu m'magulu a zisudzo a NASAAZ ndiwo mau a Fisi ndi Kamba. Mphangwe FM ili pakhomo pomwepa, yambani ndi nthano ya pa wailesi, zithunzi zidzatsatira. Katuni yanu yoyamba idzakhala yopindika miyendo, koma mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Kwa akuluakulu ndingoti: kuzimitsa TV si kulera. Mukalanda mwana rimoti, khalani naye pansi munene kuti "Panangokhala". Akapanda kudziwa kuti ayankhe "Tili tonse", musaloze cala Ben 10.